THUPI LIFUNA NCHITO

Mlimi ali yense adziwa kuti khasu limene ligwira nchito tsiku ndi tsiku limakhala lowala, koma khasu logonekedwa pansi pa nkhokwe miyezi yambiri limacita dzimbiri. Kuyambira kale anthu anzeru anali kunena kuti thupi la munthu liri cimodzimodzi. Koma mau okha sakhala umboni. Umboni weniweni unaoneka m'caka ca 1953, ndipo unacokera m'mabasi a mu mzinda wa London, ku England.

1. Dalaivala ndi kondakitala

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mu 1945, madotolo a ku England anaona kuti amuna ambiri a zaka zapakati anali kufa ndi matenda a mtima. Munthu anali kudzuka m'mawa ali bwino, koma dzuwa lisanalowe namva kupweteka kwakukuru m'cifuwa, nagwa pansi, namwalira. Cimene cinali kucititsa zimenezi sicinadziwike bwino.

Dotolo wina dzina lace Jerry Morris, amene anabadwa mu 1910, anatsimikiza mtima kufufuza nkhaniyi. Iye sanayambe ndi kupima odwala m'cipatala ai. Anayamba ndi funso lakuti, Kodi matendawa agwira kwambiri anthu a nchito yotani?

Masiku amenewo mabasi ambiri a ku London anali osanjikizana, ndiko kuti anali ndi mipando pansi ndi mipando ina pamwamba, ndipo panali makwerero opita pamwambapo. M'basi iri yonse munali anchito awiri. Woyamba anali dalaivala, amene anali kukhala pa mpando pafupifupi nthawi yonse ya nchito yace. Waciwiri anali kondakitala, wogulitsa matikiti. Iyeyu analibe mpata wokhala pansi, pakuti anali kuyendayenda pakati pa mipando, nakwera pamwamba, natsikanso. Pa tsiku limodzi anali kukwera masitepe 500 kufikira 750.

Morris anaona kuti anthu awiriwa ndiwo angayankhe funso lace. Onse anali anchito a bwana mmodzi. Anali kuyenda m'miseu imodzimodzi, kupuma mpweya umodzimodzi, ndipo pa cuma sanasiyane kwambiri. Kusiyana kwao kwakukuru kunali kwakuti wina anali kukhala, wina anali kuyenda.

Tsono Morris ndi anzace anatenga mabuku a nchito a amuna pafupifupi 31,000, a zaka 35 kufikira 64, nawerenga amene anadwala mtima m'zaka za 1949 ndi 1950. Anapeza kuti pa madalaivala 10,000 ali onse, 27 anali kugwidwa ndi matendawa pa caka, koma pa makondakitala 10,000 anali 19 okha. Ndiponso kondakitala akadwala, kawirikawiri matenda ace anali kudza atakula kale, ndipo sanali kumupha msanga monga anali kucitira dalaivala.

Morris sanafulumire kulengeza zimene anapeza, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayamba wayang'ananso anchito a ku positi. Kumeneko kunali amtengatenga, oyenda pansi kapena pa njinga kukapereka makalata m'makomo, ndiponso akalaliki ndi oyankha lamya, okhala pa mipando tsiku lonse. Zotsatira zace zinali zomwezo: oyenda anali kudwala mtima pang'ono, okhala anali kudwala kwambiri. Pamenepo ndipo analemba zonse m'nyuzi ya madotolo yochedwa The Lancet mu 1953.

2. Umboni wa mabuluku

Madotolo ambiri sanabvomereze msanga. Ena anati, "Kapena amuna onenepa kale ndiwo asankha nchito ya udalaivala, popeza safuna kukwera masitepe. Ngati ziri conco, cowapha ndi kunenepa, osati kukhala pa mpando."

Funso limeneli linali lanzeru, ndipo Morris sanalinyoze. Anakumbukira kuti anchito onse a m'mabasi anali kulandira zobvala za pa nchito, ndi kuti miyeso ya mabuluku ao inali yolembedwa m'mabuku. Anatenga miyesoyo naifanizira. Mu 1956 anaonetsa kuti zoonadi madalaivala anali ndi m'ciuno mokulirapo kuposa makondakitala, ngakhale pakati pa anyamata. Motero otsutsa aja anali ndi mfundo.

Koma pamene anapitiriza kuwerenga, anapezanso cinthu cina. Akatenga dalaivala woonda ndi kondakitala woonda, wakufa imfa yadzidzidzi ya mtima kawirikawiri anali dalaivala. Akatenga onenepa okhaokha, zinali cimodzimodzi. Apa panaturuka maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti mimba yaikuru iri ndi ngozi. Laciwiri ndi lakuti kuyendetsa thupi kumateteza munthu ali yense, kaya ndi woonda kaya ndi wonenepa.

Panatsala funso lina: nanga munthu amene nchito yace ndi ya pa mpando acite ciani? Morris anatsata amuna oposa 16,000 a m'maofesi a boma. Mu 1973 anaonetsa kuti aja amene anali kusambira, kuthamanga, kupalasa njinga mwamphamvu kapena kulima m'dimba akaweruka ku nchito, anali kudwala mtima pang'ono kuposa anzao ongokhala.

3. Zimene zicitika m'kati mwa thupi

Mtima ndi mnofu, ndipo ukuru wace ulingana ndi cibakera ca mwini wace. Mwa munthu wamkuru amene ali kupuma umagunda pafupifupi ka 70 pa mphindi imodzi, ndiko kuti pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Nchito yace ndi kukankha magazi kuti afike m'ziwalo zonse. Popeza mtima nao ufuna cakudya, uli ndi timitsempha tacetace toupatsa magazi. M'kupita kwa zaka, mafuta angathe kumatirira m'kati mwa timitsemphati, monga matope amaunjikana m'ngalande ya m'dimba. Njira ya magazi imacepa, ndipo tsiku lina magazi oundana akatseka pamene patsalapo, mbali ina ya mtima imafa. Izi ndizo zinali kugwetsa amuna a ku London aja.

Mnofu uli wonse ukamagwira nchito umalimba, ndipo mtima uli momwemonso. Munthu akathamanga, mtima wace umaphunzira kukankha magazi ambiri pa kugunda kumodzi, motero sutopa msanga. Mitsempha imakhala yofewa, ndipo mapapo amazolowera kukoka mpweya wambiri. Mwa ana, kudumpha ndi kuthamanga kumalimbitsanso mafupa pamene ali kukula.

Nanga mafuta a m'thupi acokera kuti? Cakudya ciri ngati nkhuni za pa moto. Thupi limatentha cakudya kuti lipeze mphamvu yoyendera, yopumira, yoganizira ndi yokulira. Cimene catsala silitaya ai, koma limacisandutsa mafuta ndi kucisunga pansi pa khungu ndi m'mimba. Mafutawo ndiwo nkhokwe ya thupi, ndipo nkhokwe ndi cinthu cabwino. Pa nthawi ya njala kapena ya matenda, thupi limatapa m'menemo. Munthu wopanda mafuta konse sangakhale ndi moyo.

Bvuto limayamba pamene munthu angothira m'nkhokwemo caka ndi caka, osatapamo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Maondo ndi msana zimayamba kupweteka cifukwa ca katundu wolemera. Mtima umabvutika kukankha magazi, ndipo ambiri amadwala matenda a kuthamanga kwa magazi. Enanso amadwala matenda a shuga. M'thupi muli madzi ochedwa insulini, ocokera m'kapamba, amene nchito yao ndi kutsegulira shuga njira kuti acoke m'magazi ndi kulowa m'minofu. Mafuta akaculuka, makamaka a m'mimba, thupi limaleka kumvera insulini bwino. Shuga amatsalira m'magazi, ndipo m'kupita kwa nthawi amaononga maso, impso ndi mapazi. Koma minofu imene iri pa nchito imakoka shuga m'magazi ndi kumtentha. N'cifukwa cace madotolo amauza odwala shuga kuti aziyenda tsiku liri lonse.

4. Mpando wa dalaivala wafika ponseponse

M'masiku a Morris, anthu ambiri a pa dziko lapansi anali kugwira nchito ya manja. Lero ambiri asanduka ngati dalaivala uja. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linanena kuti m'caka ca 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 ali onse anali wonenepa kopitirira muyeso. Pa ana a zaka 5 kufikira 19, olemera kuposa muyeso wao anali 8 pa 100 mu 1990, koma mu 2022 anafika 20 pa 100.

Zimenezi si za maiko a Azungu okha. M'Zambia, kufufuza kwa boma kwa m'zaka za 2013 ndi 2014 kunapeza kuti pa akazi 100 a zaka 15 kufikira 49, akazi 23 anali olemera kuposa muyeso, ndipo ambiri a iwo anali a m'matauni. Cifukwa cace sicibvuta kuciona. Mwana wa kumudzi amayenda mtunda wautali popita ku sukulu. Akabwera amatunga madzi, amasinja, amatola nkhuni kapena kulisha mbuzi. Thupi lace limagwira nchito ngakhale iye asaganizeko. Koma mwana wina wa ku Lusaka kapena ku Kitwe amakwera basi pa khomo ndi kutsikira pa cipata ca sukulu. Akafika kunyumba amakhala pa mpando kupenya wailesi yakanema kapena foni kufikira usiku.

Cakudya naco casintha. M'malo mwa mbatata, maungu, nshawa ndi masuku, ana ambiri amakonda masiwiti, mabisiketi, zokazinga m'mafuta ndi zakumwa za m'mabotolo. Citini cimodzi ca cakumwa cotsekemera, ca mamililita 330, cimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, ndiwo timasupuni ta tiyi pafupifupi 9. Koma a WHO amati n'kwabwino koposa kuti shuga wothira m'zakudya asapitirire timasupuni 6 pa tsiku lonse. Coipa cina n'cakuti cakumwa cotere sicikhutitsa. Mwana amamwa, nadyanso nsima yace monga mwa masiku onse.

Pali mwambo wakale woyamikira munthu wonenepa kuti, "Mwanenepatu, zinthu zikukuyenderani bwino." Mwambowu unali ndi cifukwa cace, pakuti m'masiku a njala munthu wathupi anali kupirira kuposa woonda. Ngakhale lero njala siinathe. Mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 a m'Zambia osafika zaka 5 anali opinimbira cifukwa cosowa zakudya zoyenera. Motero dziko liri ndi mabvuto awiri pa nthawi imodzi, ndipo nthawi zina onse awiri amapezeka m'nyumba imodzi. Kunenepa kokha sikutsimikiza kuti munthu ali ndi moyo wabwino, ndipo kuonda nako sikutsimikiza.

Mwana ali yense adziwenso kuti si onse onenepa amene ali adyera kapena aulesi. Ena thupi lotere ndi la ku mtundu kwao. Ena amanenepa cifukwa ca matenda, kapena cifukwa ca mankhwala amene dotolo anawapatsa. Kuseka mnzace cifukwa ca thupi lace ndi nkhanza, ndipo kungathe kubala matenda ena oopsa, amene afotokozedwa tsopano.

5. Kudzimana cakudya si mankhwala

Ana ena akasekedwa, kapena akapenya zithunzi za anthu oonda m'mafoni, amayamba kudana ndi thupi lao. Amaganiza kuti njira yace ndi kuleka kudya. Iyi ndi njira ya ku manda.

Mu 1873 dotolo wina wa ku London, William Gull, anafotokoza za atsikana amene anali kukana cakudya ngakhale kuti m'nyumba zao munalibe njala, nacha matendawa dzina lakuti anorexia nervosa. Wodwala amaopa kwambiri kunenepa. Ngakhale ataonda kufikira nthiti kuonekera, iye akadziyang'ana pa kalilole amaona ngati ndi wonenepa ndithu. Thupi likatha mafuta a m'nkhokwe yace, limayamba kudya minofu yace yomwe, ndi mnofu wa mtima womwe. Wodwala amamva kuzizira nthawi zonse, tsitsi limathothoka, mafupa amafooka, kukula kumaima, ndipo m'kalasi nzeru sizigwira. Ena amamwalira.

Mu 1979 dotolo winanso wa ku London, Gerald Russell, anafotokoza matenda ena ofanana nao, ochedwa bulimia nervosa. Wodwala amadya cakudya cambiri pa nthawi imodzi osatha kudziletsa, kenaka amamva manyazi ndi kuyesa kuciturutsa. Zimenezi zimaononga mano, kummero ndi mtima. Kawirikawiri thupi lace silisintha kwambiri, motero a pabanja pace sazindikira msanga.

Matenda awiriwa amayambira m'maganizo, ndipo amagwira kwambiri atsikana acisodzera, koma anyamatanso amadwala. Si ufiti, si mwano, ndipo satha ndi kukalipira kapena kukwapula. Amacizika, makamaka akadziwika msanga. Cifukwa cace mwana amene aona kuti mnzace abisa cakudya, athawa nthawi ya nsima, aonda mofulumira, kapena alankhula za kunenepa tsiku lonse, auze mphunzitsi kapena makolo. Kutero si ukazitape ai, koma cikondi. Nayenso mwana amene amva zotere mumtima mwace asabise, koma auze wamkuru amene amkhulupirira, kuti apite naye ku cipatala.

Masewera naonso asakhale cilango ca thupi. Munthu amene athamanga kufikira kukomoka cifukwa coopa nsima imene wadya, sali kulimbitsa thupi koma kuliononga. Kondakitala uja sanali kudzimana cakudya. Anali kudya monga mnzace, koma thupi lace linali pa nchito.

6. Zoyenera mwana wa sukulu

Mu 2020 a WHO anapereka muyeso wakuti mwana wa zaka 5 kufikira 17 aziyendetsa thupi lace mwamphamvu mphindi 60 pa tsiku, ndipo munthu wamkuru mphindi zosacepera 150 pa sabata. Sikufunika kuti mphindi 60 zimenezi zikhale za nthawi imodzi. Kuyenda mwacangu popita ku sukulu, kumenya mpira pa nthawi yopuma, kudumpha cingwe, kupalasa njinga, kubvina cimtali kapena citelele, kuthirira m'dimba, zonsezi ziwerengedwa. Cizindikilo cakuti thupi lagwira nchito ndi ici: mtima umagunda mofulumira, munthu amapuma mwamphamvu ndipo amamva kutentha. Sipafunika ndalama kapena nsapato za mtengo wapatali. Mwana wolumala kapena wodwaladwala afunse dotolo masewera omuyenera, pakuti naye thupi lace lifuna nchito.

Pa za cakudya, mwana amene ali kukula adye katatu pa tsiku, osadumpha ca m'mawa. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera, popeza gaga sanacotsedwe. Ndiwo zikhale zosinthasintha: nyemba, kapenta, mazira, nshawa, pamodzi ndi masamba monga cibwabwa, bonongwe ndi therere. Zipatso za pa nyengo yace ziposa masiwiti, ndipo ludzu limatha bwino ndi madzi. Zotsekemera ndi zokazinga zikhale za apo ndi apo. Mwana adye akamva njala, aleke akakhuta, ndipo agone tulo tokwanira.

Jerry Morris anatsata yekha zimene anaphunzira m'mabasi muja. Anali kusambira, kuthamanga ndi kuyenda kufikira ukalamba wace, ndipo sanaleke kupita ku nchito yace ya kufufuza ngakhale atapitirira zaka 90. Anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99. Matenda amene iye anafufuza amaonekera munthu atakula, koma mizu yace imayamba pa ubwana, pamene munthu azolowera kukhala kapena kuyenda. Akulu anati kuongola mtengo m'poyamba.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji Morris anasankha kufanizira madalaivala ndi makondakitala?
2. Pa amuna 10,000 ali onse, ndi madalaivala angati ndi makondakitala angati amene anali kudwala mtima pa caka?
3. Otsutsa ananena ciani? Miyeso ya mabuluku inaonetsa ciani?
4. Fotokozani m'mene mafuta a m'thupi afanirana ndi nkhokwe. Ubwino wace n'ciani, ndipo kuipa kwace n'ciani?
5. Insulini agwira nchito yanji m'thupi?
6. Chulani zizindikilo zitatu za mwana amene ali ndi matenda okana cakudya. Mnzace ayenera kucita ciani?
7. Mwambi wakuti "Kuongola mtengo m'poyamba" ugwirizana bwanji ndi phunziro lino?

ZOCITA

1. Ikani zala ziwiri pa mkono pafupi ndi cala cacikuru, muwerenge kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi muli cikhalire. Kenaka thamangani kuzungulira bwalo la sukulu kamodzi, muwerengenso. Lembani manambala onse awiri m'kope.
2. Mwana wina amamwa citini cimodzi ca cakumwa cotsekemera tsiku liri lonse. Ngati m'citini muli magalamu 35 a shuga, amamwa magalamu angati pa masiku 30? Kodi afika pa kilogalamu imodzi?
3. Kwa sabata imodzi, lembani madzulo ali onse nchito ndi masewera amene mwacita, pamodzi ndi mphindi zace. Onani masiku amene mwafika pa mphindi 60.
4. Funsani agogo kapena munthu wina wacikulire za zakudya ndi masewera a pa ubwana wao, mufanizire ndi za masiku ano.